Uwauze Bambo Ako

4 Malichi

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino, inu ndi alamu ndi anzanu a ku saluni. Ine ndilipo. Ndalemba kalata chifukwa mukudziwa kuti pa foni ndimangoti eya ndi ayi, kenako mumakwiya n'kudula.

Mukukakumbukira kampando kaja ka miyendo itatu? Kankakhala pakati pa makina osokera a amayi ndi tebulo la mawotchi la bambo. Kuchokera pa makina kufika pa tebulo panali mapazi anayi okha. Pali tsiku lina limene likundibwerera kawirikawiri masiku ano. Ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Amayi, mapini ali kukamwa, anati, "Positi, uwauze bambo ako kuti ngati akufuna kufa ndi njala apitirize kusuzumira m'mimba mwa wotchi yakufayo." Ine ndinazungulira pa kampando n'kunena kuti, "Bambo, amayi akuti tiyi wanu akuzizira." Bambo, osachotsa n'komwe kagalasi pa diso, anati, "Uwauze amayi ako kuti chigayo chawocho chikugwedeza tebulo, tizitsulo tanga tonse tikuvina." Ine ndinazunguliranso: "Amayi, bambo akuti akubwera."

Ndinkanyada nayo ntchito imeneyo. Ndinkakhulupirira kuti ndikangofikitsa mawu amodzi momwe anenedwera, nyumba igwa. Mpaka ndinachoka kupita ku yunivesite sindinawamvepo awiriwa akulankhulana mwachindunji.

Tsopano ndikuululireni chimene ndakhala ndikubisa zaka zitatu. Ndinkangokuuzani kuti ndimalemba za pa kanema. Ndi makatuni, amtundu uja amati anime, a anthu a maso akuluakulu. Nkhani yake ndi ya chombo cha m'mlengalenga chimene chimayendayenda kubweza katundu wosochera: sutikesi ya munthu yatsikira pulaneti lolakwika, a m'chombomo aitole, akaipereke. Ndi nthabwala zokhazokha. Olembafe tilipo asanu, ndipo gawo langa ndi la anthu awiri, Kaputeni, amene ndi mayi wa pakamwa pakuthwa, ndi Makaniko wake. Awiriwa salankhulana. Amatuma kaloboti kooneka ngati ketulo, dzina lake Ketulo, ngakhale ataima phewa ndi phewa. Ndipo Ketulo amakonza mawu asanawafikitse.

Inde, achemwali. Musandiyang'ane choncho.

Anthu awakonda awiriwa koopsa. Amalemba pa intaneti kuti tsiku limene Kaputeni adzamulankhule Makaniko maso ndi maso adzalira mpaka kujomba ku ntchito. Gawo lomaliza liyenera kulembedwa pofika kumapeto kwa Julayi, ndipo bwana wathu akufuna kuti alankhulane, aululirane chikondi, apsompsonane. Ndayesa kasanu. Zonse zikumveka ngati anthu ena obwereka zovala zawo. Sindikudziwa mawu amene anthu otere angauzane. Sindikudziwanso ngati amakondana kapena anangozolowerana ngati mwendo ndi nsapato yothina. Nthawi zina ndimaganiza kuti anandilemba ntchito molakwitsa ndipo gawo limeneli ndi limene lidzandiyalutse.

Ndiye ndifunse. Chichokereni ine, zaka zisanu ndi zitatu tsopano, amayi ndi bambo amatuma ndani? Inu munakana kalekale. Ndikabwera pa tchuthi ndimangobwerera pa kampando ngati sindinachoke, ndiye sindidziwa za masiku ena onsewo.

Dzina la katuniyo ndalilemba kuseri kwa pepalali. Mundiuze za kunyumba.

Mng'ono wanu,
Positi

23 Malichi

Iwe Positi,

Moni. Tonse tili bwino, alamu ako akuti uwagulire jekete.

Mwana woipa iwe! Madigiri awiri, ulendo wa pa ndege, zonsezo kuti ukagulitse makolo ako kwa anthu a maso ngati mbale? Ndaipeza katuni yakoyo. Ndinaimika foni pagalasi la ku saluni, ndipo kasitomala wina ndinamuluka mzere wokhota chifukwa cha kuseka. Paja Kaputeni akuti, "Umuuze Makaniko kuti injini yake ikulira ngati mbuzi yomangidwa," Ketulo n'kunena kuti, "Akuti mwagwira ntchito yotamandika." Ndinachita kukhala pansi. Ketulo ndiwe ndithu, mpaka kapendekedwe ka mutu.

Lamlungu ndinapita nayo kunyumba. Ndinkaopa kuti amayi akwiya. Anavala magalasi, ine ndikuwawerengera mawu olembedwa pansi aja. Gawo loyamba anangoti duu. Lachiwiri anati, "Mayi ameneyu yunifolomu yake anamusokera ndani? Mapewa akugwa." Pofika lachitatu anali akuseka mpaka chifuwa chinawagwira, ndinachita kuwathamangira ndi madzi. Bambo anali pa tebulo lawo, msana kuno, akunamizira kukonza wailesi. Koma wailesiyo inali yozimitsa ndipo khutu linali kwa ife.

Usanyade. Amayi akuti Makaniko wamupatsa tsitsi lochuluka kuposa la mwini wake.

Za funso lako lija, ine sindine kazitape. Unkafuna kudziwa, bwenzi utakhala. Ine ndinakana kutumidwa chifukwa ndinkafikitsa mawu momwe alili, ndipo onse awiri ankandikwiyira ine. Iwe wabodza ndiye unali wokondedwa. Basi.

Ngati ukufuna maganizo anga, asapsompsonane. Anthu amenewo akapsompsonana mano agundana.

Nkhani zina: denga la kukhitchini ladontha, bambo akwerapo okha ngakhale ndinawaletsa. Amayi aonda pang'ono. Chifuwa chija sichikutha, ndiye Lachinayi ndikupita nawo kuchipatala akawajambule. Iwo akuti ndi fumbi la nsalu. Madiresi a ukwati asiya kulandira, akuti maso.

Uzidya. Pa chithunzi chija ukuoneka ngati hang'ala.

Mkulu wako

10 Epulo

Achemwali,

Kalata yanu ndaiwerenga katatu m'basi, kachinayi pa masitepe. Kuti amayi anaseka! Ndinali nditakonzekera kuti andikana kuti si ine mwana wawo.

Zotsatira za chithunzi cha amayi cha kuchipatala chija zatuluka? Mundiuze.

Sabata ino ndinali ku chipinda chojambulira mawu. Mungadabwe. Mayi amene amalankhula mawu a Kaputeni ndi bambo amene amalankhula a Makaniko sanakumanepo. Wina amabwera Lolemba, wina Lachisanu. Aliyense amalowa yekha m'kachipinda kotchingidwa ndi masiponji, n'kumakalipira maikolofoni. Chikondi chonse chimene anthu amachiona chimapangidwa pambuyo pake ndi munthu wolumikiza mawu, mkulu wina wosalankhulalankhula amene amadya maapulo tsiku lonse. Iyeyo ndiye amasankha kutalika kwa chete wa pakati pa mawu a uyu ndi a uyo. Anandionetsa. Akafupikitsa cheteyo, awiriwa amamveka odana. Akamutalikitsa pang'ono chabe, ngati kupuma kamodzi, amamveka ngati wina akudikira mnzake. Mawu ake omwewo. Ndinatuluka m'menemo ndikuganiza za kunyumba. Mwina zonse zimene ndimaganiza za makolo athu ndi chete amene ndinamutalikitsa ndekha.

Ndayesanso kachisanu ndi chimodzi. Bwana anawerenga, n'kundibwezera akuti, "Apa akulankhula ngati maloya." Sananame.

Koma kalata yanu yandipatsa ganizo. Bwanji Kaputeni atadwala? Makaniko angatani? Ndiye ndithandizeni. Pamene amayi anatsokomola paja, bambo anatani? Anatembenuka? Anaimirira? Anatenga nthawi yaitali bwanji asananene kanthu? Nanga tsiku lopita kuchipatala anawaperekeza mpaka pati, pakhomo kapena pa msewu? Chilichonse chaching'ono chimene munaona, ngakhale chooneka chopanda pake, mundilembere. Bwana walikonda ganizoli, akuti anthu adzalira.

Jekete la alamu ndaliona, koma sindikudziwa saizi.

Positi

2 Meyi

Positi,

Moni.

Ndakhala masiku anayi ndisanayankhe kuopa kulemba zoti ndingadzachite nazo manyazi. Za amayi wafunsa mzere umodzi. Za katuni yako wafunsa tsamba lonse. Ukufunsa ngati mwana kapena ngati wolemba? Ine ndizikhala pa benchi ya chipatala kuyambira m'mawa, makasitomala akundithawa, kwinaku ndikuwerengera masekondi amene bambo atenge asanatembenuke, kuti bwana wako asangalale kuti anthu adzalira?

Amayi ali pa mankhwala. Akuti ndikuuze kuti ali bwino, umalize ntchito yako, usadzasiye chinthu cha theka ngati anthu ena a mawotchi. Ndafikitsa momwe anenera. Paja ine sindikonza mawu.

Bambo nawonso andituma, koyamba patapita zaka zambiri. Anabwera mpaka ku saluni, n'kuima pakhomo chipewa chili m'manja, azimayi onse ali m'zowumitsira tsitsi akuwayang'ana. Akuti, "Umuuze mng'ono wako kuti wotchi yake ija anaisiya ndaikonza. Ikuyenda. Abwere adzatenge."

Ndafikitsa.

Za jekete zisiye.

Mkulu wako

19 Meyi

Achemwali,

Mwanena zoona, ndipo ndachita manyazi. Ndawerenganso zimene ndinakopera za kalata ija ndipo sindikumudziwa munthu amene anailemba. Kapena ndikumudziwa bwino kwambiri. Chiyambire ndili mwana ndimamvetsera anthu ngati munthu woti akafikitse kwina. Sindidziwa kungomva basi. Pepani. Ganizo la Kaputeni wodwala ndalichotsa, bwana anakwiya koma zake zimenezo.

Ndasangalala kuti amayi akupeza bwino. Ndinawaimbira Loweruka. Anandiuza kuti foni imadya ndalama, anandifunsa ngati ndili ndi sweta, n'kudula. Mawu awo anali otsika koma anati anali atangodzuka. Muwauze kuti ndimaliza, sindisiya za theka.

Bambo muwathokozere. Wotchi imeneyo inafa ndili chaka chachiwiri ku yunivesite, ndinaiwala n'komwe kuti ilipo. Koma asavutike, masiku ano nthawi ndimaonera pa foni. Aisunge, kapena ngati pali kasitomala woifuna amugulitse. Ine ndibwera mu Ogasiti ndikangopereka gawo lomaliza. Ndapempha kale masabata atatu.

Musandikwiyire nthawi yaitali. Kuno ndilibe wina wondinena kuti hang'ala.

Positi

9 Juni

Achemwali,

Simunayankhe. Foni yanu ikumangoitana. Ya amayi akuyankha ndi bambo, ndipo mukuwadziwa bambo pa foni: "Tili bwino, kuno kwazizira, amayi ako agona." Masana onse agona?

Dzulo pa nkhomaliro ndinawafotokozera anzanga za wotchi ija ngati nthabwala, kuti bambo anga anayenda mpaka ku saluni chifukwa cha wotchi ya zaka khumi. Onse anaseka kupatula mkulu wa maapulo uja. Anandifunsa kuti, "Bambo akowo anayamba akuitanapo kuti ubwere kunyumba?" Ndinati ayi, sanayambepo. Iye anangoyang'ana apulo lake.

Achemwali, chikuchitika n'chiyani? Ndiuzeni momwe zilili. Musakonze.

Positi

27 Juni

Mwana wanga,

Ndine bambo ako. Ukudabwa kulandira kalata kuchokera kwa munthu amene ali chipinda chinacho. Ndayesa kukulankhula masiku asanu chifikire iwe, koma ndikatsegula pakamwa ndimapeza ndikufunsa ngati wamwa tiyi. Ndiye ndalemba. Zilembo zanga ndi za malisiti, upirire nazo.

Choyamba, usamuimbe mlandu mkulu wako. Kalata yako yomaliza inafika amayi ako atagona kale m'chipatala sabata yachiwiri. Iwo ndiwo anamulumbiritsa kuti asakuuze mpaka utamaliza ntchito. Mkulu wako anaphwanya lumbirolo Lachitatu lija anakuimbira, koma ndege yako inatera iwo atapita kale dzulo lake. Inenso anali atandiletsa kale mu Epulo, kudzera mwa nesi. Ndiye ndinaganiza za wotchi. Ndinkati mwana amene wakhala akumasulira mawu anga moyo wake wonse amva. Kulakwa n'kwanga. Munthu ukafuna mwana wako umati bwera, amayi ako akudwala kwambiri. Mawu asanu. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi ziwiri ndipo ndinalephera.

Mkulu wako anandiwerengera makalata ako onse. Unafunsa kuti chichokereni iwe timatuma ndani. Timatuma iwe. Kampando sitinakasunthe. Amayi ako ankayang'ana pamenepo n'kunena kuti, "Positi, uwauze bambo ako kuti sopo watha." Ine n'kuyankha pomwepo. Mkulu wako anatipezapo kangapo tikutero, ndipo ndikuganiza kuti zinkamupweteka, chifukwa iye anali pomwepo ndi thupi lake koma ife tikutuma mpando. Ndi chifukwa chake sanakuyankhe. Umupepese m'malo mwanga. Ayi, ndimupepesa ndekha.

Sunafunsepo chiyambi chake. Uli ndi zaka ziwiri kunabadwa mwana wina, wamkazi. Anakhala miyezi inayi. Tsiku lina anatentha thupi, amayi ako anati tipite kuchipatala. Ine ndinali ndi wotchi ya pakhoma ya kasitomala yomwe ndinali nditaimasula yonse, ndinati dikirani ndiibwezere kaye, tizitsulo tingasokonekere. Ndinatenga maola atatu. Madokotala anati mwina sizikanasintha kanthu. Amayi ako sanafune za mwina. Titabwerako anandiuza kuti, "Sindidzakulankhulaninso." Ukuwadziwa, chimene anena anena. Inenso ndinaona kuti ndi chilango chondiyenera, sindinachidandaule.

Zaka ziwiri m'nyumba muja munali zii. Ndinkadziwa kuti chakudya chapsa ndikamva mbale yagunda tebulo. Kenako tsiku lina iwe uli ndi zaka zinayi unakhala pa kampando paja ukuseweretsa mabatani, ndipo ndinamva, "Uwauze bambo ako kuti malaya awo ang'ambika pa chigongono, avule ndisoke." Ndinagwetsa kagalasi. Lumbiro sanaphwanye, koma anapeza zenera.

Pali china chimene ndikufuna udziwe, chifukwa m'kalata muja unalemba ngati unkatipusitsa. Mwana wanga, mapazi anayi. Tinkamvana bwinobwino. Mawu aliwonse achipongwe amene amayi ako ananena ndinawamva ndi makutu angawa, iwonso anamva anga. Tinkangodikira kuti timve momwe uwakonzere. Nthawi zina amayi ako ankachita dala kunena zoopsa kuti aone ngati upeza potulukira. Tsiku lina ananditcha kadzidzi wa diso limodzi, iwe n'kunena kuti, "Amayi akuti mupumitseko maso." Ndinawaona mapewa akugwedezeka kuseri kwa makina. Zimene unkanena iwezo ndi zimene tinkatanthauza. Zathuzo zinali zokutira chabe.

Tsiku lomaliza linali Lachinayi masana. Mkulu wako anali atapita kukatenga mankhwala ku zenera la pansi. M'chipindamo munali ine ndi iwo, ndi mpando wa pulasitiki wa alendo. Anatsegula maso, anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinaganiza kuti mwina lero. Mtima unkagunda ngati wa mnyamata. Kenako anatembenuzira mutu ku mpando uja n'kunena kuti, "Positi, uwauze bambo ako kuti kolala yawo yapindika. Akuoneka ngati munthu wopanda mkazi."

Ine ndinati, "Uwauze amayi ako kuti ndamva."

Koma sindinaikonze. Ndinawerama. Anakweza dzanja, linatenga nthawi kuti lifike, n'kuiwongola okha. Dzanjalo silinabwerere msanga.

Sananenenso china. Unalipo, mwana wanga. Ndi zimene ndimafuna kukuuza. Usamayende m'nyumba muno ngati wakuba.

Wotchi sindinagulitse. Ili m'kabati ya pamwamba, ndimaipukusa m'mawa uliwonse.

Bambo ako

6 Julayi

Achemwali,

Kalatayi ndiisiya pansi pa chitseko cha saluni, chifukwa chichitikire maliro tikakumana timangokambirana za makapu obwereka ndi mipando yoti ibwezedwe. Mwina ndi matenda a pa banja pathu.

Bambo anandilembera. Ndinapeza kalata yawo pa kampando, atatsamiritsa ndi bokosi la mabatani. Akuti anabweranso kwanu Lachiwiri. Sindikudziwa zimene anakuuzani, koma alamu akuti munatseka saluni masana onse.

Ine ndili ndi zanga zoti ndipepese. Zaka zonsezi ndinkadziona ngati ine ndiye ndinanyamula nyumba ino. Koma amene anakhala pa benchi ya chipatala ndinu. Amene munkawasambitsa amayi ndinu, pamene iwo akutuma mpando wopanda munthu m'dzina langa. Ine ndikanakhala inu ndikanakatenthera kunja kampandoko. Inu munkangokapukuta fumbi. Ndaona kuti mwendo wake umodzi ndi womangidwa ndi ulusi wa saluni.

Ndipo uthenga umodzi wokha umene unali wofunika pa moyo wanga wonse, munaufikitsa bwinobwino, mawu ndi mawu. Amene anaulephera ndi ine, katswiri. Ndinati aigulitse. Mawu amenewo ndidzayenda nawo.

Masiku ano ndikumakhala pa makina a amayi. Sindisoka, ndimangotsegula timadilowa. Muli timapepala ta miyeso ya makasitomala, tonse topindidwa kawiri, momwe ankapindira. Pansi penipeni ndapeza ka bambo. Khosi, chifuwa, mkono. Manambala afufutidwa n'kulembedwanso kambirimbiri, chaka ndi chaka, momwe bambo ankanenepera ndi kuonda. Sindikudziwa kuti ankawayeza bwanji munthu osamulankhula. Mwina ankangowayang'ana.

Gawo lomaliza ndalemba. Linatuluka masiku awiri, pa tebulo la mawotchi, bambo atandisunthira tizitsulo tawo mbali imodzi. Ketulo wapita. Zapezeka kuti nayenso anali katundu wosochera, ndipo eni ake amupeza. Chombo chonse chikudikira kuti tsopano awiri aja alankhulana, poti palibenso wotuma. Iwo akungoyang'ana pamalo pamene Ketulo ankakhala potchaja batire, n'kumapitiriza kumutuma. Pali nthabwala zokwanira, musaope, pali sutikesi yodzaza ndi nkhuku za mitu iwiri. Kumapeto kuli kolala. Sapsompsonana. Mano sagundana. Pambali ndamulembera mkulu wa maapulo kuti chete wa pamenepo amutalikitse mpaka achite mantha, kenako awonjezere pang'ono.

Bwana akhoza kukana. Akhoza kupereka gawolo kwa wina woti alembe zopsompsonana, ndipo mwina anthu a pa intaneti angakonde zimenezo. Sindikudziwa ngati zimene ndalembazi zili bwino. Ndikungodziwa kuti koyamba sakumveka ngati obwereka zovala.

Koma munandifunsa funso lija, ngati ndine mwana kapena wolemba, ndipo silinandichoke. Kolala ija si yanga. Ndi ya anthu awiri, ndipo mmodzi yekha ndiye watsala woti angavomere. Ndiye sindinatumize kalikonse. Ndinaganiza kuti bambo awerenge kaye, kenako inu. Mmodzi wa inu akakana, ndiwauza a ku ntchito kuti ndalephera, ndipo sindidzakufunsani chifukwa.

Ndikuuzeni momwe zinayendera lero m'mawa. Bambo anali pa tebulo, kagalasi pa diso, akutsegula wailesi ya munthu. Ndinaima pafupi ndi makina a amayi ndi mapepala anga khumi ndi awiri. Mukhulupirire, achemwali, ndinayang'ana uku ndi uku kufuna woti ndimutume. Maso anga anagwera pa kampando. Bambo anaona pamene ndayang'ana, nawonso anayang'ana pomwepo. Tinakhala choncho, anthu awiri akuluakulu, tikudikira mpando.

Kenako ndinati, "Bambo, ndalemba za inu ndi amayi. Za tsiku lija. Mukakana, sizipita kulikonse."

Mawu anga anamveka aakulu kwambiri m'chipinda muja. Bambo anachotsa kagalasi, n'kupukuta manja pa thalauza, mbali zonse ziwiri, ngati akulandira mwana wakhanda.

"Makaniko uja wamuchepetsako tsitsi?" anafunsa.

"Ayi, bambo. Ojambula anakana."

"Amayi ako adzadandaula," anatero. Anamva okha chimene anena, ndipo sanachikonze. "Bweretsa kuno."

Ndinawapinda mapepalawo kawiri, momwe amayi ankapindira miyeso, ndinayenda mapazi anayi aja, n'kuwaika m'manja mwawo.

Mng'ono wanu,
Positi